Nyamakazi, kuvutika maganizo ndi za kumtundu: kodi muzu wake ndi umodzi?

Funso: Ndine mayi wa zaka 44. Kwa zaka 6 ndakhala ndikudwala nyamakazi imene adokotala amati rheumatoid arthritis, ndipo chaka chatha anandipezanso ndi matenda ovutika maganizo n'kundipatsa fluoxetine. Malemu mayi anga ankadwala maganizo chimodzimodzi, ndipo mng'ono wanga ali ndi matenda a pakhungu a psoriasis. Ndawerenga kuti asayansi apeza zoti matenda ovutika maganizo amagwirizana ndi chitetezo cha m'thupi kudzera m'majini. Kodi ndiye kuti kumtundu kwathu kuli chinthu chimodzi chimene chikuyambitsa zonsezi, ndipo mwana wanga wamkazi adzadwalanso? Kodi ndisiye fluoxetine n'kumamwa diclofenac tsiku lililonse kuti ndithetse zonse pamodzi? Nanga kuyezetsa DNA kungandithandize?

Yankho: Zikomo kwambiri mayi, ndipo pepani ndi matenda awiri amene mwasenza pa nthawi imodzi. Ndiyambe ndi chimene sichingadikire: musasiye fluoxetine, ndipo musayambe kumwa diclofenac tsiku ndi tsiku musanakambirane ndi adokotala anu. Chifukwa chake ndichifotokoza kutsogoloku. Pa funso lalikulu lija, zimene munawerengazo zili ndi choonadi, koma nkhani za pa intaneti zimachikuza mopitirira. Chitetezo cha m'thupi ndi kuvutika maganizo zimakhudzanadi, ndipo umboni wake ndi wamphamvu, koma gawo la kukhudzanako limene limadzera m'majini ndi lochepa, ndi lomwazikana, ndipo palibe jini limodzi limene munthu angaliloze kuti ili ndi limene ladwalitsa inu, mayi anu ndi mng'ono wanu.

Tigwirizane kaye pa mawu. Ndikamati majini sindikunena mizimu ija imene anthu ena amati yagwira munthu, ayi, mawuwa angofanana kamvekedwe. Ndikunena malangizo olembedwa mu DNA ya maselo athu, amene timalandira theka kwa mayi ndi theka kwa bambo, ndipo zotsatira zake n'zimene akuluakulu ankaziona akamati chakutichakuti n'chakumtundu. Munthu ali ndi majini pafupifupi 20,000 opangira mapuloteni, ndipo anayalidwa pa ma chromosome 46. Mawu ena ndi kutukusira, kumene madokotala amati inflammation. Mukadzitema ndi mpeni, pabala paja pamatentha, pamatupa ndipo pamapweteka chifukwa asilikali a m'thupi afikapo n'kuyamba ntchito yawo. Pa nyamakazi yanu asilikali omwewo asokonezeka, ndipo akuukira molumikizira mafupa mwanu ngati kuti mwalowa mdani.

Aliyense amene anadwalapo malungo akudziwa kale mbali ina ya nkhaniyi, ngakhale sanaphunzire zachipatala. Kupatula kutentha ndi kuphwanya thupi, munthu safuna chakudya, safuna kucheza, phokoso la ana limamunyansa, mutu umagwira ntchito pang'onopang'ono, ndipo zimene zimamusangalatsa masiku onse zimasukuluka. Zimenezi sizichitika chifukwa cha kufooka kokha. Asilikali a m'thupi akamamenyana ndi tizilombo amatumizirana uthenga kudzera m'timapuloteni totchedwa ma cytokine, monga interleukin-6, amene mwachidule timati IL-6, komanso TNF ndi ma interferon. Uthengawo umafikanso ku ubongo, ndipo ubongo umalamula thupi kuti ligone, lidzipatule ndi kusunga mphamvu. Mu 1988 dokotala wa ziweto Benjamin Hart wa ku University of California, Davis, analemba kuti khalidwe limeneli la nyama yodwala ndi njira yolinganizidwa bwino yoithandiza kuti ichire. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, dokotala wa maganizo wa ku Belgium, Michael Maes, anayamba kupeza zizindikiro za kutukusira m'magazi a anthu ovutika maganizo, ndipo funso linabadwa lakuti kodi mwa odwala ena matendawa si khalidwe la munthu wodwala lija limene lakana kutha.

Umboni umene ine ndimauona kuti ndi wolimba kuposa wonse unabwera mosayembekezereka, kuchokera ku mankhwala a matenda ena. Mankhwala atsopano asanafike cha m'ma 2014, odwala matenda a chiwindi a hepatitis C ankabayidwa jakisoni wa interferon-alpha kwa miyezi 6 kapena 12, ndipo odwala ena a khansa ya pakhungu ya melanoma ankalandira mankhwala omwewo pa mlingo waukulu. Popeza interferon-alpha ndi cytokine, kumubaya nayo munthu kuli ngati kuputa dala chitetezo chake cha m'thupi. Mwa odwala chiwindi aja, pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse ankadwala matenda ovutika maganizo enieni, kuphatikizapo amene anali asanadwalepo chibadwire. Mu 2001 Dominique Musselman ndi anzake a ku Emory University ku Atlanta anayesa chinthu chimene chikukhudza funso lanu mwachindunji. Anatenga odwala melanoma 40, ndipo kutatsala milungu iwiri kuti ayambe interferon, ena anawapatsa paroxetine, amene ali m'gulu limodzi ndi fluoxetine wanu, ena anawapatsa mapiritsi opanda mankhwala. Mwa omwa mapiritsi opanda mankhwalawo, 45 peresenti anadwala maganizo, pamene mwa omwa paroxetine anadwala ndi 11 peresenti yokha. Muonetsetse pamenepa, mayi: ngakhale pamene gwero la matenda linali chitetezo cha m'thupi mosakayikitsa, mankhwala a maganizo a masiku onsewa anagwira ntchito. Muonenso kuti ambiri mwa obayidwa interferon sanadwale maganizo konse, ndipo kusiyana kumeneku pakati pa munthu ndi mnzake ndi kumene kunachititsa ofufuza kuyang'ana ku majini.

Za njira imene uthengawo umadzera ndingodutsamo. Wina umakwera kudzera mu mtsempha wotchedwa vagus, umene umalumikiza ziwalo za m'mimba ndi za m'chifuwa ku ubongo, ndipo wina umadzera m'magazi n'kudzutsa maselo oteteza a mu ubongo momwemo otchedwa microglia. Ma cytokine amadzutsanso puloteni yotchedwa IDO, imene imapatutsa tryptophan, chipangizo cha serotonin, mankhwala achilengedwe a mu ubongo okhudza mmene munthu akumvera mumtima, n'kumusandutsa kynurenine, komanso amachepetsa mphamvu ya dopamine, mankhwala enanso achilengedwe a mu ubongo, m'zigawo za ubongo zimene zimapatsa munthu chikhumbo chochita zinthu. N'chifukwa chake kutukusira kumayenderana kwambiri ndi kutopa, kusowa chidwi, kuvuta kwa tulo ndi kusintha kwa kadyedwe, kuposa mmene kumayenderana ndi chisoni kapena kudziimba mlandu.

Kafukufuku wa anthu ochuluka akuvomereza zomwezi. Ku Denmark, kumene boma limasunga mbiri ya kuchipatala ya nzika iliyonse, Michael Benros ndi anzake analondoloza anthu oposa 3.5 miliyoni, ndipo mu 2013 anafalitsa kuti amene anafikapo kuchipatala ndi matenda a gulu la nyamakazi yanuyi, amene chitetezo chimaukira mwini wake, anali ndi chiopsezo chodwala maganizo chokwera ndi 45 peresenti, pamene kwa amene anagonekedwapo ndi matenda obwera ndi tizilombo chinakwera ndi 62 peresenti. Chaka chomwecho ofufuza a ku King's College London, ataphatikiza zotsatira za kafukufuku wambiri, anapeza kuti pafupifupi 17 peresenti ya odwala rheumatoid arthritis ali ndi matenda ovutika maganizo, pamene mu 2023 bungwe la zaumoyo la WHO linati mwa akuluakulu onse padziko lapansi odwala anali pafupifupi 5 peresenti. Njirayi imapita ndi kubwerera, chifukwa mu 2018 ofufuza a ku Canada, powerenga mabuku a zipatala za ku Britain, anapeza kuti anthu ovutika maganizo anali ndi chiopsezo chodzadwala rheumatoid arthritis chokwera ndi 38 peresenti. Ndipo ku Bristol, ku England, ana pafupifupi 4,500 anayezedwa magazi ali ndi zaka 9, kenako Golam Khandaker anasonyeza mu 2014 kuti amene anali ndi IL-6 wambiri pa msinkhu umenewo ndi amene ankapezeka kawirikawiri ndi matenda ovutika maganizo pofika zaka 18, kutanthauza kuti mwa iwo kutukusira kunatsogola, matenda a maganizo n'kubwera pambuyo. Komabe si wovutika maganizo aliyense amene thupi lake likutukusira. Poyeza CRP, puloteni imene chiwindi chimatulutsa thupi likamatukusira, ndi odwala pafupifupi 27 pa 100 alionse amene amapezeka ndi mlingo woposa 3 mg/L, umene umasonyeza kutukusira.

Mwina mwaona kuti m'zonsezi sindinatchulebe jini lililonse, ndipo ndachita dala. Zinthu ziwiri zikamayendera limodzi sindiye kuti zinachokera m'mimba imodzi. Munthu amene zala zake zimauma m'mawa uliwonse, amene tulo timamudukira usiku chifukwa cha ululu, amene akulephera kufinya chovala kapena kutsegula botolo ndipo wayamba kudalira ena pa zimene ankachita yekha, ali ndi zifukwa zokwanira zovutikira maganizo popanda kuitanira majini. Mankhwala a prednisolone, amene odwala nyamakazi ambiri amapatsidwa, nawonso amatha kusokoneza tulo ndi maganizo. Ndipo a banja limodzi sagawana majini okha, amagawananso chakudya, utsi wa kukhitchini, umphawi, maliro ndi mikangano.

Kuti alekanitse za m'magazi ndi za m'nyumba, ofufuza anatembenukira kwa mapasa, popeza mapasa ofanana ali ndi majini onse ofanana pamene mapasa osafanana amagawana theka lokha. Mu 2000 Patrick Sullivan, Michael Neale ndi Kenneth Kendler anaphatikiza kafukufuku wa mapasa amene analipo n'kupeza kuti majini amafotokoza pafupifupi 37 peresenti ya kusiyana kwa anthu pa chiopsezo cha matendawa. Kafukufuku wa mapasa oposa 42,000 a ku Sweden, wofalitsidwa mu 2006, anapeza 42 peresenti mwa akazi ndi 29 peresenti mwa amuna. Chiwerengerochi anthu amachimva molakwika kawirikawiri. Sichikutanthauza kuti mwana wanu ali ndi mwayi wa 37 peresenti wodwala, koma kuti mukayang'ana gulu lonse la anthu, gawo lalikulu la kusiyana kwawo silichokera ku majini.

Ndiye majiniwo ndi ati? Apa sayansi inapunthwa poyamba, ndipo ndi bwino mudziwe za kupunthwako kuti muzikayikira mitu ya nkhani yokokomeza. Mu 2003 Avshalom Caspi ndi anzake, pogwiritsa ntchito achinyamata a ku Dunedin ku New Zealand, anafalitsa kuti mtundu wina wa jini lonyamula serotonin umachititsa munthu kugwa msanga m'matendawa akakumana ndi mavuto. Nkhaniyi inatchuka dziko lonse ndipo inalowa m'mabuku a ophunzira. Koma mu 2019, Richard Border ndi anzake atayesanso jini limeneli pamodzi ndi ena, onse pamodzi 18 amene ankatchulidwatchulidwa, mwa anthu mazana a masauzande, sanapeze umboni woti majiniwo ali ndi mphamvu imene ankawanenera. Kafukufuku wakale wambiri wonena kuti jini lakutilakuti la cytokine limayambitsa kuvutika maganizo anachitika mwa njira yomweyo, pa anthu ochepa, choncho ine sindimudalira.

Njira imene inabala zipatso ndi yofufuza DNA yonse ya anthu ochuluka zedi popanda kusankhiratu jini. Mu 2015 kafukufuku wa CONVERGE, wa amayi a ku China oposa 5,000 odwala mobwerezabwereza, anapeza malo awiri a mu DNA ogwirizana ndi matenda ovutika maganizo. Mu 2018 gulu la Psychiatric Genomics Consortium, poyerekeza odwala 135,458 ndi anthu 344,901 osadwala, linapeza malo 44. Mu 2019 David Howard ndi anzake a ku Edinburgh anafika pa 102, ndipo mu January 2025 gulu la Psychiatric Genomics Consortium lija linafalitsa zizindikiro za mu DNA zokwana 697 kuchokera kwa odwala 688,808 a m'mayiko 29. Chilichonse mwa zizindikirozi chimasuntha chiopsezo pang'ono kwambiri, kawirikawiri ndi maperesenti osafika 5, ndipo aliyense wa ife, wodwala ndi wosadwala yemwe, ali nazo zambirimbiri. Zili ngati thumba la chimanga, limene kulemera kwake simungakuike pa njere imodzi. Chofunika kwambiri pa funso lanu n'chakuti ambiri mwa majini amenewa amagwira ntchito m'maselo a ubongo, makamaka polumikizana selo ndi linzake, osati m'chitetezo cha m'thupi.

Koma pa malo 44 a mu 2018 aja, amodzi anali pa chromosome 6, m'chigawo chotchedwa MHC, ndipo apa m'pamene nkhani imene munawerenga iyenera kuti inachokera. Chigawo chimenechi tingachitche likulu la asilikali a m'thupi, chifukwa ndi mmene muli majini a HLA, amene amathandiza thupi kuzindikira chake ndi chachilendo. Matenda a m'banja mwanu ali ndi mizu yeniyeni m'menemo: jini limene limakweza kwambiri chiopsezo cha rheumatoid arthritis ndi HLA-DRB1, ndipo la psoriasis wa mng'ono wanu ndi mtundu wa HLA-C wotchedwa HLA-C*06:02. Onaninso kuti ngakhale awiriwa ndi majini osiyana. Pa matenda a misala otchedwa schizophrenia, Aswin Sekar ndi Steven McCarroll anali atasonyeza kale mu 2016 kuti jini la C4 la m'chigawo chomwechi, limene ndi la chitetezo cha m'thupi, limathandizanso kudulira malumikizidwe a maselo a ubongo, choncho ambiri anayembekezera kuti zofananazo zipezekanso pa kuvutika maganizo. Kylie Glanville ndi anzake a ku King's College London anafufuza zimenezi mwa odwala oposa 45,000, ndipo mu 2020 anafalitsa kuti majini odziwika a HLA, ngakhalenso C4, sakugwirizana ndi matenda ovutika maganizo mwa njira yoti n'kuidalira. Chizindikiro chija chili m'mphepete mwa chigawocho, kumene kwadzaza majini ena a ntchito zosiyanasiyana. Kumanga nyumba pafupi ndi Cobbe Barracks ku Zomba sikusandutsa munthu msilikali. Kwa inu, tanthauzo lake n'lakuti majini akuluakulu a nyamakazi yanu si amene akukudwalitsani maganizo.

Izi sizikutseka nkhani yonse. Ofufuza akayerekeza DNA yonse, amapeza kufananirako kochepa pakati pa majini a kuvutika maganizo ndi a matenda ena a chitetezo cha m'thupi. Mu 2022 Mary-Ellen Lynall ndi anzake a ku Cambridge anasonyeza kuti zina mwa zizindikiro za mu DNA zogwirizana ndi matenda a maganizo, kuphatikizapo kuvutika maganizo, zili pa malo a DNA amene amatsegula ndi kutseka majini m'maselo oyera a magazi otchedwa T, makamaka ma CD4 aja amene ambiri tinawadziwira ku kiliniki ya ma ARV. Ndi chizindikiro chenicheni, koma chikutiuza kumene tiyenera kukafufuza, osati chimene tiyenera kuchitira wodwala lero.

Njira ina yanzeru imene yathandiza imatchedwa Mendelian randomisation, ndipo ndichedwapo pang'ono chifukwa ndi imene imayesa kuyankha funso la chimene chimayambitsa chinzake. Pamene mwana akupangika, majini amagawidwa ngati maere, osayang'ana kuti adzakhala wosauka, wosuta kapena wonenepa. Anthu ena maere amawagwera oti CRP wawo azikhala wokwererapo moyo wawo wonse. Ngati CRP ndiye amayambitsa kuvutika maganizo, anthu amenewa ayenera kumadwala kuposa anzawo. Ku Copenhagen, Marie Wium-Andersen ndi anzake anayesa zimenezi mwa anthu oposa 78,000, ndipo mu 2014 anapeza kuti ngakhale anthu a CRP wokwera m'magazi ankadwaladi maganizo kawirikawiri, amene CRP wawo anakwera chifukwa cha majini okha sankadwala kuposa ena. Akuluakulu amati utsi sufuka popanda moto, ndipo CRP akuoneka kuti ndi utsiwo: amatiuza kuti penapake payaka, koma si iye amene akutentha nyumba. Pa IL-6 nkhani yake ndi yolimbikitsako, popeza mwa ana a ku Bristol aja, amene anatengera mtundu wa jini la IL6R umene umafooketsa mbali ina ya uthenga wa IL-6 anali ndi chiopsezo chocheperapo cha matenda aakulu a maganizo, ndipo kafukufuku wina wa mu UK Biobank, nkhokwe ya mbiri ya zaumoyo ndi DNA ya anthu ambiri a ku Britain, analoza komweko. Zotsatira za magulu osiyanasiyana sizigwirizana nthawi zonse, koma mutandifunsa kumene ndingaike chikhulupiriro changa, ndinganene IL-6.

Kafukufuku amene ndimakonda kuuza odwala anga ndi wa mu 2021, wa Maria Pitharouli ndi anzake, mwa anthu pafupifupi 86,000 a mu UK Biobank. Anapeza kuti anthu amene anatengera zizindikiro zambiri za mu DNA zogwirizana ndi kuvutika maganizo analinso ndi CRP wokwererapo, zimene poyamba zikuoneka ngati umboni wa muzu umodzi uja. Koma atawerengera kunenepa ndi kusuta fodya, kugwirizanako kunazimiririka. Kunena kwina, majini ena sakhudza chitetezo cha m'thupi mwachindunji, koma amakankhira munthu ku kadyedwe kapena ku fodya, ndipo mafuta a m'thupi ndi utsi wa fodya ndi zimene zimatukusiritsa thupi. Palinso zimene munthu anakumana nazo ali mwana. Andrea Danese anasonyeza mu 2007, mwa anthu a ku Dunedin omwe aja, kuti amene anazunzidwa ali ana anali ndi CRP wokwera pa zaka 32, ndipo mu 2013 gulu la Elisabeth Binder ku Munich linasonyeza kuti nkhanza za paubwana zimasintha kagwiridwe ntchito ka jini la FKBP5 mwa anthu amene ali ndi mtundu wina wa jinilo, n'kusokoneza mmene thupi limamvera cortisol, amene ndi mmodzi mwa ozimitsa kutukusira.

Pali lingaliro lina, la Charles Raison ndi Andrew Miller, lakuti majini amenewa anapulumuka m'mibadwo yonseyi chifukwa ankathandiza makolo athu kulimbana ndi tizilombo, monga mmene jini la sickle cell limatetezera ku malungo aakulu munthu amene walandira limodzi lokha. Ndi lingaliro lokoma kumva, koma likadali lingaliro.

Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti pafupifupi zonse ndatchulazi zinapezeka mwa azungu. Mu 2019 Alicia Martin ndi anzake anawerengera kuti pafupifupi 79 peresenti ya anthu amene DNA yawo yafufuzidwa mwa njira imeneyi ndi a mtundu wa ku Ulaya, pamene iwo ndi 16 peresenti yokha ya anthu a padziko lapansi, chikhalirecho Africa ndiye kumene majini a anthu ali osiyanasiyana kuposa kwina kulikonse, ndipo majini a HLA ndi amodzi mwa amene amasiyana kwambiri pakati pa mitundu ya anthu. Zinthu zayamba kusintha, ndipo kuno kwathu bungwe lofufuza zaumoyo la MEIRU, mogwirizana ndi University of Edinburgh, linayamba kafukufuku wa Generation Malawi wolondoloza umoyo wa m'maganizo ndi wa m'thupi wa mabanja ku Lilongwe ndi ku Karonga, koma zipatso za ntchito yotereyi zimatenga zaka. Izi zikuyankha funso lanu la kuyezetsa DNA. Ngakhale mwa azungu, kuphatikiza zizindikiro zonse zodziwika za mu DNA kumafotokoza zosakwana 6 peresenti ya chiopsezo, ndipo mwa munthu wa ku Africa kulosera kwake kumafooka kwambiri. Mbiri ya mayi anu yakuuzani kale zambiri kuposa zimene pepala la ku labotale lingakuuzeni, choncho ndalama zanu musaziwonongere kumeneko. Kuyeza CRP nakonso sikungatithandize pa za maganizo anu, chifukwa nyamakaziyo payokha imamukweza, monganso malungo, TB ndi matenda ena ofala kwathu kuno.

Tsopano za diclofenac. Ngati kutukusira kukanakhala muzu wa kuvutika maganizo kwa aliyense, mankhwala ozimitsa kutukusira akanachiza aliyense, koma sizinatero. Mu 2013 Raison anapatsa infliximab, mankhwala amphamvu otsekereza TNF, kwa ena mwa odwala 60 amene mankhwala a maganizo anawakanika, ndipo poyang'ana gulu lonse panalibe kusiyana ndi amene analandira madzi opanda mankhwala. Okhawo amene CRP wawo anaposa 5 mg/L ndi amene anaoneka kuti athandizika, pamene a CRP wotsika anachita bwino ndi madzi aja kuposa ndi infliximab. Mu kafukufuku wa ASPREE, okalamba oposa 19,000 a ku Australia ndi America anagawidwa pawiri, ena n'kumamwa aspirin wa 100 mg tsiku lililonse kwa zaka zingapo, koma aspirin sanachepetse chiwerengero cha odwala matenda ovutika maganizo. Diclofenac ndi ibuprofen amachepetsa ululu koma saletsa nyamakazi kuwononga mafupa, ndipo akamwedwa kwa nthawi yaitali amabweretsa zilonda za m'mimba, amawononga impso ndi kukweza BP. Choopsa china n'chakuti kuwamwa pamodzi ndi fluoxetine kumakweza chiopsezo chotaya magazi m'mimba, ndipo ngati mukumwanso mankhwala a nyamakazi a methotrexate kapena prednisolone, adokotala anu ayenera kudziwa piritsi lililonse limene mukugula panokha.

Nkhani yabwino kwa inu ili kwina. Inu muli m'gulu la anthu amene kutukusira kwawo sikokayikitsa, ndipo mwa anthu otere kuchiza bwino matenda a m'thupi kumapeputsanso maganizo. Mu 2006 kafukufuku wa odwala psoriasis oposa 600 anasonyeza kuti amene analandira etanercept, wotsekereza TNF, zizindikiro zawo za kuvutika maganizo zinachepa kuposa za anzawo, ndipo zofananazo zaonekanso ndi mankhwala otsekereza IL-6 mwa odwala nyamakazi. Choncho ngati zala zikuumabe m'mawa kwa nthawi yaitali ndipo mfundo zikutupabe, kauzeni adokotala kuti nyamakazi sinagonje, kuti aunikenso mankhwala enieni oiletsa. Apempheninso akuyezeni kuchuluka kwa magazi ndi chithokomiro, chifukwa kuchepa kwa magazi ndi kufooka kwa chithokomiro kumapezeka kawirikawiri mwa odwala nyamakazi imeneyi ndipo kumabweretsa kutopa kofanana ndi kwa matenda a maganizo. Fluoxetine pitirizani, chifukwa lamulo lake n'lakuti munthu amwebe kwa miyezi 6 kapena kuposerapo atapeza bwino, ndipo kusiya kwake kumakonzedwa ndi dokotala. Uphungu ndi kuyenda pang'ono tsiku lililonse, molingana ndi mmene mafupa akulolera, zimathandiza mbali zonse ziwiri. Maganizo ofuna kudzipha akakufikirani, limenelo ndi tsiku lopita kuchipatala, osadikira tsiku limene anakulemberani.

Za mwana wanu, kukhala ndi kholo lodwala matenda ovutika maganizo kumakweza chiopsezo kawiri kapena katatu poyerekeza ndi anzake, koma ana ambiri a makolo otere sadwala, ndipo pa rheumatoid arthritis ngakhale mapasa ofanana kawirikawiri amadwala mmodzi yekha. Chinthu chimodzi chimene mungamuuze motsimikiza n'chakuti asadzasute fodya, chifukwa ofufuza a ku Karolinska Institutet ku Sweden anasonyeza kuti fodya ndi mitundu ina ya HLA-DRB1 zikakumana mwa munthu mmodzi, chiopsezo cha nyamakaziyi chimakwera kwambiri kuposa chilichonse pachokha. Akafika msinkhu womvetsa, muuzeni mbiri ya agogo ake ndi yanu mosabisa, ndipo mumutchulire zizindikiro zake: kusasangalala ndi chilichonse, kusowa tulo kapena kugona mopitirira, kudziona wopanda pake, zikapitirira milungu iwiri. Mumuuzenso kuti akadzakhala woyembekezera adzatchule mbiri imeneyi ku sikelo, chifukwa miyezi ya pakati ndi yotsatira kubereka ndi nthawi imene matendawa amakonda kuonekera mwa akazi a m'mabanja ngati lanu.